Phala la Daku ndi Mutu wa Chambo

Mukadzandipeza ku Nkope nditakhala pakhonde la apongozi anga, munthu wa mimba yonseyi nditagwira kasosa ka tiyi, pali kamchira ka chambo ndi timpunga tokwana m'dzanja la mwana, chonde musandifunse kanthu. Ingoperekani moni muzipita. Nkhani ya kasosa kameneka ndikaikumbuka mtima umandiwira ngati zachitika dzulo, chonsecho tsitsi langa layera kale. Lero ndati ndiikambe kamodzi, mwina mtima ungatsike.

Choyamba mudziwe kuti ine ndimadya. Sindikunena kudya kwaulemu kuja koti munthu wanyema kawiri n'kupempha madzi osamba m'manja ayi. Kwathu ku Dedza mayi anga popakula ankawerenga ana onse, akamaliza n'kundiwerenganso ine kachiwiri. Ndipo chakudya ndinkachiweruza ndi maso. Ndiwo zikabwera mafuta akuyandama pamwamba, akunyezimira, ndinkadziwa kuti lero tikhuta. Zikabwera zosanyezimira ndinkati awa ndi madzi chabe, tionananso posachedwa. Nzeru imeneyi ndinkaikhulupirira kuposa katekisimu (ndipo ndi yomwe inandigwetsa chagada).

Nthawiyo ndinali mphunzitsi wachinyamata, boma litandiponya kusukulu ina kufupi ndi Namwera. Anali masiku aja a chipani chimodzi, tsitsi lometa bwino, thalauza losatambalala kumapazi, khadi la chipani m'thumba ngakhale ukungopita kukagula mchere. Ndinali nditapeza mbeta, dzina lake Monika, amene ndinakumana naye pa msonkhano wa makwaya ku Mangochi boma. Kwawo kunali ku Nkope, banja la asodzi, Akhristu. Ankhoswe anali atayenda kale, mawu oyamba atamveka bwino, koma panatsala munthu mmodzi, atsibweni ake a Monika, a Mkwanda. Iwowa anali ndi khoka ndi mabwato awoawo, komanso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo. Anatumiza uthenga kuti mwana wa mlongo wawo sangatengedwe ndi munthu amene iwo sanadye naye. Ndiye Loweruka lina ndinayenera kupita ku Nkope kukadya. Ntchito yonse inali yomweyo, kukadya basi, ukwati n'kutheka. Ndinaseka ndekha m'nyumba, ndinati mayeso awa ndakhoza ndisanalembe.

Amene anayamba kusokoneza zinthu ndi a Gondwe, mphunzitsi mnzanga wa kumpoto, amene anavomera kundiperekeza. Anali munthu woonda, wolankhula mofatsa, woti ukamuona umangomukhulupirira. Lachisanu titaweruka anandikhazika pansi n'kundiuza kuti iwo andionapo ndikudya, ndipo ndikakadya choncho ku Nkope, a Mkwanda akayang'ana nkhokwe ya mlongo wawo n'kundionetsa msewu. Mkamwini, anatero, safika kwa apongozi ndi njala ya fisi. Amayamba waponya kanthu kopepuka m'mimba kuti dzanja likayende mwaulemu. Ndinaona kuti ndi mawu a munthu wamkulu. (Mpaka lero sindidziwa ngati anandikonza dala.)

Vuto linali lakuti unali mwezi wa swaumu, Asilamu akusala kudya. Ku Namwera mwezi umenewo m'mawa matiyirumu satsegula, wa mandasi naye sumuona. M'nyumba mwangamo, nyumba ya munthu wosakwatira mumaidziwa, munali mchere ndi machesi. Potuluka ndinapeza Abiti Daudi, mayi woyandikana nane nyumba, akutsuka miphika. Amuna awo anali atamwalira, koma iwo sanali achikulire ayi, ndiponso sanali oipa nkhope (mfundo iyi muisunge, tiifuna kutsogoloku). Atamva kuti ndikunyamuka ulendo m'mimba mulibe kanthu, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi poto. Anati ndi phala lotsala pa daku, chakudya chija amadya kusanache kuti apirire tsiku lonse. Alendo amene ankawayembekeza sanabwere, ndiye linatsala lambiri.

Ndinavundukula. Phala losalala bwino, lofiirira pang'ono, pamwamba popanda ngakhale kadontho kamodzi ka mafuta. Ndinati eya, chopepuka chija ndi chimenechi. Chonsecho ndinali nditawaonapo Abiti Daudi akulikonza phala limeneli. Ankasinja mtedza mpaka mtondo kunyowa mafuta, n'kuthirako chitowe, n'kuthira mkaka wa mbuzi mu ufa wa mpunga, kenaka n'kupukusa ndi chipukuso nthawi yaitali mpaka thukuta kamukamu. Zonsezo ndinaziona ndi maso angawa, koma mutu sunalumikize. Kwa ine mafuta osaoneka ndiye kuti palibe.

Abiti Daudi anati ndigawane ndi a Gondwe. A Gondwe anati iwo m'mawa sadya (mwaona?). Ndinayamba ndi supuni, kenaka ndinaona kuti supuni ikundichedwetsa, ndinangonyamula poto. Linkatsetsereka lokha pakhosi, lozuna pang'ono, lonunkhira mtedza wokazinga. Ndinamaliza, n'kukomba ndi chala, n'kubweza poto. Mayiwo anasuzumira m'potomo, n'kundiyang'ana ine.

"Aticha, limenelitu timadya nyumba yonse."

Ndinawayankha monyada kuti phala ndi madzi, tikamafika pa Chowe likhala litatsika kale.

Tinakwera lole ya chimanga yopita ku boma, ine nditavala jekete yobwereka kwa ahedi. Pa Chowe tinafika, tinadutsa, phala silinatsike. Tsonotu ine mimba yanga ndinkaidziwa ngati belu la sukulu. Ndikadya mandasi onona aja, ochita kudontha mafuta papepala, nthawi yopuma isanakwane inkakhala itayamba kale kulira, ana a kutsogolo n'kumagwira pakamwa. Tsiku limenelo kunali zii. Sikuti inkapweteka, sikuti inatupa. Inangokhala phee, yokhutira, yosafuna kumva za munthu.

Pa mlatho wa Shire anyamata a chipani a malaya ofiira anaimitsa lole kuti aone makadi. Ndinatulutsa langa m'thumba la m'kati, n'kuonetsa, koma dalaivala anayamba kuyenda tisanakhazikike, ndiye ndinangoliponya m'thumba la m'mbali la jekete kuti ndigwire chitsulo ndisagwe. (Iyinso muisunge.)

Mantha enieni anandigwira pa msika wa ku boma. Tinadutsa pamene amayi ena ankakazinga utaka, fungo loti masiku onse linkandiimitsa ngati wapolisi. Ndinanunkhiza, mkamwa munangokhala gwa, malovu osabwera. Ndinabwereranso dala, n'kuima pafupi ndi chiwayacho mpaka mayi wogulitsayo anandifunsa ngati ndataya kanthu. Mimba sinayankhe. Pamenepo ndinawakoka a Gondwe pambali n'kuwauza kuti zinthu zavuta, njala yanga yasowa.

A Gondwe anati zowawasa zimadula chilichonse. Anandigulira bwemba. Ndinayamwa bwemba mpaka mano kuchita dzanzi. Anati tionjezere ndimu. Ndinadya ndimu ndi makoko omwe, misozi ili mbwembwembwe. M'basi yopita ku Monkey Bay ndinakhala dala kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa matayala, kuti mabampu aligwedeze phalalo. Anagwedezeka ndine, phala ayi. Kenaka a Gondwe anaganiza kuti titsike tisanafike, ndiyende pansi padzuwa. Inu, dzuwa la kunyanja masana, munthu uli mu jekete ya ahedi ndi tayi! Ndinayenda, kenaka ndinayamba kuthamanga pang'ono, a Gondwe akubwera m'mbuyo mwapang'onopang'ono pansi pa ambulera. Amayi ena ochokera kotunga madzi anapatuka m'njira, ati mwina ndikuthamangitsidwa. Ndinalowanso patchire kukayesa ngati pangatuluke kanthu kuti papezeke malo. Ndinangolumidwa ndi nyerere.

Tinafika ku Nkope ine nditanyowa ngati ndaoloka nyanja wapansi. Anatiyalira mkeka pakhonde. A Mkwanda anatuluka, munthu wamkulu thupi, baji ya chipani pachifuwa, mawu ozolowera kuitana anthu ali pakati pa madzi. Anatilonjera bwino, anafunsa za kwathu, za makolo, za mvula ya ku Dedza. Mayi a Monika sindinawaone, monga mwa mwambo. Anali kuseri kwa mpanda, kukhitchini, ndipo ndinkadziwa kuti iwo adzandiweruza ndi mbale zikamabwerera. Monika anabwera ndi madzi osamba m'manja, anagwada, maso pansi, koma ndinaona kuti akumwetulira. Iye ankadziwa kuti tsiku limeneli ndi langa, poti ndinali nditamuuzapo moseka kuti pa nkhani ya kudya sindichititsa manyazi.

Kenaka mbale zinayamba kubwera. Mpunga. Nsima. Nkhuku, nthutumba ili pamwamba kuti mlendo aione. Chambo. Ndipo pomaliza inabwera mbale ya kampango, zidutswa zikuluzikulu, mafuta achikasu akuyandama pamwamba pa msuzi, akunyezimira ndendende mmene ndinkalotera ndili ku Namwera ndikudya nyemba. A Mkwanda anati kampango ameneyo anakodwa m'mawa womwewo, wogula wa ku Limbe anamulirira, koma iwo anakana, ati uyu ndi wa mlendo wathu.

Ndinayang'ana mbale imeneyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire mtima wanga unachita nseru ndi mafuta.

Anandipempha kuti ndipemphere. Ndinapemphera. Ndinapempherera chakudya, manja amene aphika, asodzi, mabwato, odwala, a paulendo, Mtsogoleri wa dziko, nduna zake, mvula, ana a sukulu, mpaka a Gondwe anatsokomola. Mumtima ndinali ndi pemphero limodzi lokha, lakuti Ambuye, mwandipatsa njala masiku onse a moyo wanga ngakhale pamene sindinaipemphe, lero mwaibisa kuti? Nditatsegula maso, mbale zinali pomwepo.

Ndinanyema mbamu yoyamba, n'kusunsa, n'kuika mkamwa. Kukoma ndinakumva, sindinganame. Koma pakhosi panali potseka. Ndinatafuna, ndinatafuna, nsima yoti sitafunidwa n'komwe, kenaka ndinaikankha ndi madzi. Yachiwiri inakhala m'tsaya nthawi yaitali. Nthutumba ndinaidula pakati, theka ndinameza ngati mankhwala a malungo, theka linalo ndinalibisa pansi pa mpunga.

Tsono a Gondwe! Munthu woonda uja, wosadya m'mawa uja, anasanduka chigayo. Dzanja linkapita ku nkhuku, kubwerera, kupita ku chambo, kubwerera, osaphonya. Minga ankailavula mwaluso ngati anabadwira m'bwato. A Mkwanda ankawayang'ana mokondwa, kenaka n'kutembenukira kwa ine, nkhope n'kusintha. Anatenga chidutswa chachikulu cha kampango n'kuchiika m'mbale mwanga. Kenaka anadula mutu wa chambo chachikulu kuposa zonse, n'kuuika pamwamba pa mpunga wanga, maso ake akundiyang'ana.

"Aphunzitsi, kuno timati munthu akadya mutu wa chambo sabwereranso kwawo. Tione ngati mwabwera kudzakhala nafe kapena mwangodzaona nyanja."

Anthu a kunyanja mutu wa chambo amaudya mwadongosolo, kuphwasula kafupa kalikonse, kuyamwa, n'kuunjika pambali mafupa oyera mbee. Munthu sungabere, mulu wa mafupawo ndiwo umboni. Ine ndinachotsa kanyama ka patsaya, n'kukayang'ana, n'kukaika pa lilime. Phala la Abiti Daudi linati malo kulibe.

Mwamwayi (ndinkayesa mwayi) kunabwera msodzi wina kudzawaitana a Mkwanda za khoka lomwe linang'ambika, ndipo anadzuka kupita naye kuseri kwa nyumba. Ndinawanong'oneza a Gondwe kuti andithandize mutuwo. Anakana, ati mutu ndi wanu, ine sindikukwatira. Kampango nayenso anati sangatenge m'mbale mwanga poti ana amene anali pansi pa mtengo wa mango akutiona. Ndiye ndinachita chinthu chimene munthu wophunzitsa ana ukhondo sayenera kuchita. Ndinadikira anawo atayang'ana kumbali, n'kunyamula chidutswa cha kampango chija, n'kuchilowetsa m'thumba la m'mbali la jekete ya ahedi. Ndinati bola mbale ioneke kuti yagwiridwa ntchito.

Mafuta oyandama aja, amene ndinkawatamanda moyo wanga wonse, sadziwa kusunga chinsinsi. Posakhalitsa ndinamva kutentha pantchafu. Nditayang'ana, banga linali likukula pa jekete. Kenaka kunabwera mphaka wa pakhomopo, n'kukhala pambali panga, n'kuyamba kulira akuyang'ana thumba. Ndinamukankha ndi chigongono, anabwerera. Ndinamutsina, analira mokweza.

A Mkwanda atabwera anakhala pansi, anayang'ana mutu wa chambo uli chikhalire, anayang'ana mpunga wanga, kenaka anasamba m'manja ngakhale anali asanamalize kudya. Kuseri kwa mpanda miphika inasiya kulira. Anayamba mofatsa. Anafunsa ngati ndiwo za kunyanja zimandinunkhira. Ndinati ayi, bambo, n'zokoma kwambiri. Anafunsa ngati wina wandiuza kuti mlongo wawo amathira mankhwala m'chakudya cha alendo. Ndinati ayi, ndi pang'ono pomwe. Anasisita baji yawo ija ndi chala.

"Kapena ndinu a gulu lija losadya m'nyumba za anthu a chipani?"

Amene simunakhaleko masiku amenewo simungamve kulemera kwa funso limeneli. Munthu unkatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Ndinalumbira kuti ine ndi wa chipani kuyambira ndili mwana. Anati ngati ndi choncho aone khadi. Ndinapisa m'thumba la m'kati, mulibe. Pamenepo ndinakumbukira pa mlatho paja. Ndinapisa m'thumba la m'mbali, dzanja n'kulowa mu kampango.

Khadi linatuluka likudontha. Chikopa cha nsomba chinali chitamatirira pa chithunzi cha Mtsogoleri, pamphumi penipeni. Chidutswa chotsalacho chinagwera pamkeka, mphaka n'kuchitola n'kuthawa nacho. Pakhomo la nyumba ndinamva mbale ikugwa, anali Monika.

Mwina mukuti bwanji sindinangonena zoona. Taganizani bwino. Ndikanati, bambo, ndisanabwere kuno ndinadya kale, ndiye kuti ndinkayembekeza kuti kwanu kuli njala. Akanafunsa kuti mwadya chiyani, ndikanati phala poto yense. Waphika ndani? Mayi wina woyandikana nane nyumba. Amuna ake ali kuti? Anamwalira. Ndi wachikulire? Apo ndiye ukwati ukanathera pamkeka pomwepo, ine n'kupita kukafotokoza za khadi kwina kumene kulibe mkeka. Ndinangogwira khadilo m'manja, mafuta akutsikira pamkono.

Anandipulumutsa ndi a Gondwe, ndipo chipulumutso chimenecho sindinawakhululukire mpaka lero. Anameza zimene zinali mkamwa, anapukuta milomo, n'kuyamba ndi mawu awo a ubusa aja.

"Bambo tcheyamani, mnzangayu akuchita manyazi kunena. Anabadwa ndi chifu chaching'ono. Chakudya chake ndi cha mwana woyamwa, akapitirira pamenepo amadwala sabata yonse. Nsombayo anaibisa chifukwa yamukomera, amati akadye pang'onopang'ono kunyumba, masiku angapo. Ife ku Namwera timamumvera chisoni."

Ine! Chifu chaching'ono! Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, a Gondwe anandiponda chala.

A Mkwanda anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka nkhope ija inamasuka, anapukusa mutu, n'kuitana mlongo wawo kuseri kwa mpanda kuti amve, mwanayu sikunyoza ayi, ndi chilema. Kuseriko kunamveka mawu a mayi a Monika akuti kalanga ine, mwana wa eni, ndipo ife tamuunjikira zonsezi ngati tikumulanga. A Mkwanda anati iwo aona akamwini ambiri, ndipo amene amagwetsa mabanja ndi a m'mimba mwa ng'ona. Uyu, anatero, sadzamaliza nkhokwe ya munthu, mwana wathu akakhala pabwino. Khadi lija analitenga ndi zala ziwiri, n'kulipinda, n'kutuma kuti likaponyedwe pamoto msanga, ati ichi palibe wachiona. Anandigulitsa lina pomwepo, n'kundigulitsanso lachiwiri, ati la chifu changacho poti nachonso chili m'dziko lomweli. Ukwati anavomera.

Kenaka Monika anabwera, maso ofiira, atanyamula kasosa ka tiyi ka maluwa m'mphepete, kochokera m'kabati ya alendo. Mayi ake anali ataikapo kamchira ka chambo ndi timpunga, ati ndidye zimene ndingathe, ndisadzikakamize. Mutu uja anaudya a Gondwe, n'kuunjika mafupa oyera mbee. (Iwo anadzabwerera kwawo kumpoto bwinobwino. Amene ndinatsalira kuno ndine, wosadya mutune.)

Njala inabwera mawa lake, Lamulungu, pakati pa ulaliki, ndipo inabwera ndi abale ake onse. Koma inabwera ndili ku Namwera, kumene kunali mchere ndi machesi. Za jekete ya ahedi tisakambe, anasiya kundiyankha moni teremu yonse.

Monika choona anachidziwa sabata yoyamba ya ukwati. Anaphika kapoto kakang'ono monga anamulangizira mayi ake, ine n'kumaliza, n'kufunsa ngati chimenecho chinali cholawa. Nditamufotokozera zonse, anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anasiya kuseka n'kundiuza kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumba. Mbiri ya mkamwini wosadya inali itafika kale mpaka ku Nkhudzi. Atsibweni ake anali atandiimiritsa pa msonkhano wa nthambi ngati chitsanzo cha munthu wosawononga chakudya cha dziko, anthu n'kuomba m'manja. Ndikakadya mbale yodzaza ku Nkope ndiye kuti tcheyamani ananama pagulu. Komanso funso la poto wa Abiti Daudi likanadzuka, ndipo iye sanafune kuti mayi ake alimve.

Ndiye mukudziwa chimene anachita mkazi wangayu? Anapita kwa Abiti Daudi n'kukaphunzira phala lija. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopita ku Nkope, m'mawa ndimamva mtondo ukulira, kenaka chipukuso. Amandiikira poto patsogolo n'kuima pomwepo mpaka nditamaliza. Ndikafika kwa apongozi ndimalandira kasosa kanga, n'kudya ngati mbalame, anthu n'kumandimvera chisoni. Kampango amadutsa pamphuno panga kupita kwa alamu anga. Pa maukwati, pa zinkhoswe, pa Khirisimasi, kasosa. Chipani chimodzi chinatha, makadi anatha, a Mkwanda anatisiya, koma kasosa sikanasweke. Ndayesapo kukaika m'mphepete mwa tebulo, ana amakawakha.

Mwana wathu wamkazi, amene anaphunzira za zakudya, ndiye anadzandimasulira chimene chinandichitikira. Anati mafuta ukawaswa ndi chipukuso kukhala timadontho tosaoneka, n'kugwirana ndi nsinjiro ndi mkaka, sapatukanso ngakhale afike m'chifu. Amatsika pang'onopang'ono limodzi ndi phala lonselo, ndipo nthawi yonseyo matumbo amakhala akuuza mutu kuti chakudya chikadalipo, usaitanitse china. Koma mafuta oyandama amalekana ndi zinzake, zamadzi zimatsogola kutuluka, iwo n'kutsala pamwamba kukupatsa chilungulira, njala n'kubwerera msanga. Ndinamuuza kuti zikomo, koma nzeru imeneyo ikanandithandiza iye asanabadwe. Anati akanakhala kuti ndinaidziwa, mwina iye sakanabadwa n'komwe. Ana a masiku ano alibe ulemu.

Chaka chathachi ndinati zakwana. Ndakalamba, amene ndinkawaopa anapita, Abiti Daudi nawonso anapita, ndifa osalawa kampango wa ku Nkope chifukwa chiyani? M'mawa wa ulendo ndinakana phala. Monika anati chabwino, tikaone. Ndinafika ku Nkope mimba ikulira ngati kale, mawu nditakonza bwino, kuyambira pa poto mpaka pa mphaka.

Apongozi anga tsopano ndi okalamba kwambiri, maso anachita khungu, ndipo zopewana zija tinasiya kalekale. Anandiitana kuti ndikhale pafupi. Anandigwira dzanja, n'kupapasa mkono, n'kufika pamimba. Kenaka anaitana Monika n'kumufunsa kuti munthu wosadya angatupe chonchi bwanji iye osanena, kodi kuchipatala mwapita naye? Ndinati mayi, pali nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni. Anati ndidikire kaye. Anapisa pansi pa pilo n'kutulutsa kasosa kaja, atakakulunga m'kansalu. Anati chaka chija madzi analowa m'nyumba, mbale zonse zinapita, koma iwo anatuluka ndi kameneka m'chitenje, poti mwana wawo wa ku Dedza sangadyere pena.

"Zaka zonsezi ndimakupemphererani, bambo, kuti tsiku lina mudzadye n'kukhuta ngati anzanu. Munati muli ndi nkhani?"

Kukhitchini kunkachokera fungo la kampango. Monika anali pakhomo, manja m'chiuno, akundiyang'ana. Ndinayang'ana kasosako, maluwa ake atafufutika, n'kuyang'ana manja amene anakagwira.

Ndinati nkhani yake ndi yoti ndikupeza bwino masiku ano, mapemphero akugwira ntchito pang'onopang'ono.

Anakondwa kwambiri. Analamula kuti poti ndatupa, lero asandipatse zamafuta, andiphikire kaphala kamadzi, kopanda kanthu. Ndinamwa kaphala kanga pa kasosa, alamu anga akuswa mitu ya chambo pambali panga. Pobwerera m'basi Monika anangotulutsa m'chikwama botolo la phala lija, limene anaphika m'mawa ine nditakana, n'kundipatsa akuyang'ana pawindo.

Ndinamwa lonse. Linali la anthu awiri, koma sanandiuze msanga.